Gudumu likamagwedera, musathamangire masipoko

Sabata yatha nditanena kuti ndidzakamba za gudumu la njinga ena munaseka, akuti anthu akukamba za ntchito ndi maloni iwe ukufuna kutiuza za masipoko. Palibe kanthu. Koma tangowerengani njinga zomwe zatsamira pakhoma panjapo. Ine ndawerenga polowa, zilipo 9, ndipo zitatu ndazigwedeza kale gudumu lakumbuyo eni ake osadziwa. Mundikhululukire. Ziwiri mwa zitatuzo zili ndi matenda omwe anandigwetsa ine, nchifukwa chake ndaima pano.

Ndiyambe ndi mmene zinandichitikira. Nditamaliza mayeso a Fomu 4 ndinalibe chochita, ndiye mayi anati m'malo mongokhala ndizikawapikulira katundu wa paokala ku Limbe. Njinga yake ndi Phoenix ya bambo, ija ya magudumu a 28, mabuleki azitsulo, kaliyala yowotcherera. Kupita ku Limbe umachita kutuluka thukuta chifukwa ndi chitunda, koma pobwerera mumsewu wa Masauko Chipembere njinga imangoyenda yokha. Kwa masabata angapo ndinkamva kumbuyo kukuvina. Ndikakhota, njinga inkachita ngati yachedwa kundimvera, ndikaimirira pamapedulo tayala linkakhula fulemu. Ndinapita nayo kwa wokonza wina, sindimutchula. Anangoyang'ana, nati masipoko akhwefuka, natenga kiyi wake, kukunga gudumu lonse, ndalama ndinapereka. Habu sanaigwire ngakhale ndi chala.

Patatha masiku 4 ndikuchokera ku Limbe, thumba la fulawa pakaliyala, pamwamba pake matileyi atatu a mazira. Nditadutsa pa Maselema liwiro litakula, kumbuyo kunayamba kupukusa ngati mchira wa galu. Ndinagwira buleki, buleki ikugwira ndi kusiya, kugwira ndi kusiya. Minibasi kumbuyo hutala. Ndinakhotera kumbali, gudumu linakhula fulemu mpaka kuima, ine uko, njinga uko, mazira 90 mungalande. Chipsera ndi ichi pachigongonopa, akufuna adzachione pambuyo. Chinandiwawa kwambiri si bala ayi, koma nkhope ya mayi nditafika kunyumba. Sanakalipe. Anangokhala pansi kuwerengera mpamba wawo chamumtima. Ndikanagwera kumanja m'malo mwa kumanzere, bwenzi lero mukukamba za ine ngati malemu.

Amene ananditsegula maso ndi madala ena okonza njinga ku Ndirande, anzawo a bambo. Atamasula gudumu anandiyalira zonse pachiguduli. Ekiselo yopindika, koni imodzi yodyeka ngati chimanga cha anankafumbwe, mabering'i ena osweka pakati, kapu ya mkati mwa habu yong'aluka. Anati, "Mwanawe, matenda anali muno. Masipoko munangowavutitsa." Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita kukakhala nawo masana, kuwapatsira zipangizo, iwo nkumandionetsa. Zomwe ndikuuzeni lero zambiri ndi za pamenepo, zina ndinachita kuwerenga.

Choyamba chomwe tigwirizane ndi ichi. Tikamati gudumu likugwedera timaphatikiza matenda atatu osiyana m'mawu amodzi. Pali habu yomwe yachita mpata, pali masipoko ofooka, ndiye pali limu yopindika. Ukakwera, atatu onsewa amamveka mofanana, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo kuwasiyanitsa sikufuna sipanala, kumangofuna manja.

Imikani njinga, mnzanu anyamule kumbuyo kuti gudumu lichoke pansi. Yambani mwaona ngati manati awiri omangira gudumu ku fulemu ali olimba, chifukwa nthawi zina nkhani yonse imathera pomwepo. Akakhala olimba, gwirani limu ndi zala muikankhe kumanzere ndi kumanja, pang'onopang'ono, osalimbana nayo. Mukamva kakugogoda m'zala, kho kho, gudumu nkumasuntha lokha lisanayambe kukukanizani, imeneyo ndi habu. Mukapanda kumva kugogoda koma limu nkumapita mofewa ngati nthambi yaiwisi ndi kubwerera, amenewo ndi masipoko. Kenaka zunguzani gudumu, maso pa limu, osati pa tayala, poti tayala likhoza kungokhala molakwika limu ili bwinobwino. Limu ikamayandikira fulemu pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, ndiye kuti yapindika. Zitatu basi. Sizitenga ngakhale mphindi ziwiri.

Tsopano tilowe mkati mwa habu, chifukwa ambiri timaikwera tsiku ndi tsiku koma sitinaonepo zomwe zilimo. Pakati pamadutsa chitsulo chamazinga, ekiselo, chomwe chimamangidwa ku fulemu ndipo sichizungulira. Chozungulira ndi chigoba cha habu. Mbali iliyonse ya chigobacho ili ndi kapu, kambale kachitsulo kosalala. Pa ekiselo pamapotedwa koni, yomwe ili ngati nati yosongoka kutsogolo. Pakati pa kapu ndi koni pamakhala timipira tachitsulo tija timati mabering'i, titamira mu girizi. Kuseri kwa koni kuli nati ina yopyapyala, ntchito yake kutsekera koni kuti isasunthe. Pa mahabu ambiri a mtundu uwu kumbuyo kumakhala timipira 9 mbali iliyonse, ta kota ya inchi, pomwe kutsogolo kumakhala 10 mbali iliyonse, tocheperako, ta 3/16 ya inchi. Kulemera kwanu konse, kwa thumba la makala, kwa kasitomala wa kabaza, kumadutsa pa timipira timeneti.

Koni ikabwerera m'mbuyo pang'ono, kapena ikadyeka, timipira timapeza mpata. Mwina mukuti kampata kosaoneka ndi maso kangagwetse munthu bwanji? Tiyeni tiwerengere, ife a masamu a MSCE. Kuchokera pakati pa habu kufika pomwe pali timipira ndi masentimita pafupifupi 4. Kuchokera pa ekiselo kufika pa limu ya 28 ndi masentimita pafupifupi 32. Ndiye kuti chilichonse chosuntha pa timipira chimakula ka 8 chikamafika ku limu. Kampata ka kota ya milimita muhabu kamasanduka mamilimita 2 ku limu mbali imodzi, 2 mbali inayo. Onjezanipo katundu, liwiro ndi maenje a mumsewu, mpata wapakati pa tayala ndi fulemu watha.

Ndipo sikaima pomwepo. Habu ikakhala bwino timipira timagubuduzika mwakachetechete. Ikachita mpata timayamba kumenya koni ndi kapu ngati hamala pa bampu iliyonse. Koni imachita timaenje, timaenjeto timadya timipira, tizidutswa tachitsulo timasakanikirana ndi girizi nkukhala ngati mchenga, mpata nkumakulirakulira. Apa ndi pomwe pali nkhani ya ndalama. Timipira, makoni ndi girizi ndi zotsika mtengo, mumagula pa benchi ya zipangizo za njinga mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande. Koma kapu ikawonongeka, nthawi zambiri umangogula habu ina, ndipo habu yatsopano ikutanthauza kumasula masipoko onse ndi kuluka gudumu mwatsopano. Ine ndinalipira zonsezo, kuphatikiza mazira 90, pa vuto lomwe poyamba linkangofuna sipanala ziwiri.

Kakonzedwe kake nkotere. Chotsani gudumu. Yalani kansalu pansi chifukwa timipira tikagwa mufumbi simutipezanso, ndipo muwerenge kuti mbali iliyonse munali tingati. Masulani mbali imodzi yokha, yakumanzere, nkusolola ekiselo. Tsukani zonse ndi parafini, mupukute ziume. Yendetsani nsonga ya bolopeni mumzere momwe timipira timadutsa pa koni ndi mukapu. Ikamakodwa, pamenepo padyeka. Ekiselo muigubuduze pagalasi kapena patebulo losalala. Ikamadumphadumpha yapindika, musavutike nkuiwongola ndi hamala, gulani ina. Timipira musinthe tonse pamodzi, osasakaniza takale ndi tatsopano, chifukwa tatsopano ndi tokulirako pang'ono ndiye katundu yense amatsamira pa ito. Pakani girizi wokwanira mukapu. Girizi, anzanga, osati oyilo wakuda wotsala m'galimoto, osati mafuta ophikira. Musaseke, ndinaziona ndi maso anga.

Pobwezera, mbali yakumanja, ya tcheni, koni ndi nati yake zikhale zomangana zolimba musanalowetse ekiselo, chifukwa mbali imeneyo imabisika ndi fuliwilo ndipo simungaifikirenso bwino. Kusintha konse kuchitikire kumanzere. Potani koni ndi zala mpaka ikhudze timipira, muibweze pang'ono, muigwire ndi sipanala yopyapyala ija ya makoni, nkumanga nati yotsekera ndi sipanala ina. Za makoni nthawi zambiri ndi 13 kutsogolo ndi 15 kumbuyo, ya nati yotsekera 17. Mukatero zunguzani ekiselo ndi zala. Ikamamveka ngati muli mchenga mwamangitsa, bwezani. Ikamagogoda mwalekerera, onjezani. Mumafuna pakati penipeni, pomwe ikuzungulira mosalala koma osagwedera. Ulendo woyamba ndinabwereza ka 6 madala aja akungondiyang'ana, ndiye musataye mtima. Kumangitsa nakonso nkoipa, kumadya koni mofanana ndi kukhwefula.

Kwa inu a mountain bike zomwe gudumu limamangidwa ndi kachogwirira kongopinda popanda manati, pali kachinsinsi. Kachogwirira kaja mukakatseka kamafinya ekiselo, makoni nkuyandikirana pang'ono. Choncho habu yotere muisiyire kampata kochepetsetsa gudumu lili kunja, kamene kazitha mukalimanga panjinga. Mukaimanga ndendende lili kunja, panjinga ikhala yothina. Ma mountain bike ena atsopano alibe makoni, ali ndi mabering'i otsekedwa ngati a mu injini ya chigayo. Amenewo akayamba kugwedera sasinthidwa ndi sipanala, umagula ena.

Habu tathana nayo, tibwere ku masipoko. Funso langa kwa madala aja linali lakuti, kawaya kamene ndingakapinde ndi manja kamanyamula bwanji munthu ndi matumba awiri a makala? Yankho lake ndi kukunga. Magudumu akale amatabwa ankalimba chifukwa cha kukhuthala kwa mitengo yake. Mu 1870 James Starley ndi William Hillman a ku Coventry ku England anatulutsa njinga yotchedwa Ariel, ya magudumu a mawaya okungidwa, ndipo mu 1874 Starley anabweretsa kalukidwe kopingasa masipoko komwe tikuona mpaka lero. Sipoko iliyonse imakoka limu kulowera ku habu, pa gudumu lolukidwa bwino ndi mphamvu yoyandikira makilogalamu 100, ndipo zonse 36 zikamakokerana mofanana limu imakhala pakati, yozungulira bwino. Mukakwera, masipoko ochepa omwe ali pansi nthawi imeneyo amapepukidwa pang'ono, gudumu likazungulira amabwereranso. Akakhala okungika bwino safika polekerera. Akakhala ofooka, ulendo uliwonse akafika pansi amakhwefukiratu, kanati kake ka ku limu, kaja timati nipo, kamadzimasula pang'onopang'ono, ndipo sipoko yomangopindika ndi kuwongoka imathyoka pakhosi paja yakolowekedwa ku habu. Ikathyoka imodzi, zoyandikana nazo zimasenza katundu wake, nazonso nkutsatira.

Nanga kulimba kwa gudumu cham'mbali kumachokera kuti? Taonani gudumu chakutsogolo kwake. Masipoko sachoka pamalo amodzi. Theka limachokera kumanzere kwa habu, theka kumanja, onse nkukumana ku limu. Zili ngati mlongoti wa eliyo womangidwa ndi mawaya mbali ziwiri. Mawaya akakhomedwa kutali ndi tsinde, mphepo siugwedeza. Akakhomedwa pafupi, umapendama. Chimodzimodzi mukaimirira kumbuyo kwa lole mumatangadza miyendo kuti musagwe. Ndiye habu yotambalala imapereka gudumu lolimba cham'mbali kuposa yopanikizika. Masipoko ambiri amalimbitsa kuposa ochepa. Onenepa amalimbitsa kuposa owonda. Wamba aja a geji 14 ndi mamilimita 2, a geji 13 ndi 2.3, a geji 12 ndi 2.6, ndipo nchifukwa chake akabaza ndi amakala amafuna onenepawo, komanso njinga zopangidwira katundu ngati Buffalo zimabwera ndi masipoko okhuthala ndi limu yolimba. Gudumu laling'ono nalonso limalimba cham'mbali kuposa lalikulu ngati zina zonse zili zofanana, poti masipoko ake ndi aafupi ndipo amatangadza kwambiri.

Apa mumve bwino, chifukwa ndi pomwe wokonza woyamba uja anandisokoneza. Kukunga kwambiri sikulimbitsa gudumu mopitirira. Masipoko akangofika poti sakulekerera mukakwera, kuwonjezera kukunga sikuwonjezera kulimba cham'mbali. Chomwe kumachita ndi kufinya limu, kung'amba mabowo a manipo, ndipo mukapitirira limu imatha kupotoka yokha nkukhala ngati nambala 8. Chofunika ndi chakuti akungike mokwanira komanso mofanana. Kodolani masipoko a mbali imodzi ngati nsambo za gitala. Amveke mofanana. Yomwe ikulira motsika kwambiri kapena kungoti phwa, ndiyo yofooka. Gwiraninso awiriawiri ndi dzanja muwafinye, mumva okha omwe akulekerera.

Njinga zamagiya zili ndi nkhani yake. Kuti magiya onse aja akwane kumanja, mbali ya habu ya kumeneko imalowa mkati. Masipoko akumanja amakhala ngati oimirira, okungika kwambiri, akumanzere opendama, ofewerapo. Ndi mmene anapangira, musawakunge kuti afanane mbali zonse, mukatero limu ichoka pakati. Koma dziwani kuti gudumu lotere cham'mbali ndi lofookerapo kuposa la njinga ya giya imodzi, komanso ekiselo ya fuliwilo yamagiya ambiri imapindika msanga chifukwa timipira takumanja tili kutali ndi pomwe yagwira fulemu. Ndiye mountain bike yakaunjika mwaiwotcherera kaliyala nkumanyamulira matumba a simenti, musadabwe.

Kuwongola limu kumafuna mtima wodekha. Gadamitsani njinga, gwirani choko motsamiza pa fulemu pafupi ndi limu, zunguzani gudumu. Pomwe choko chalemba ndi pomwe limu yapendamira mbali imeneyo. Pamalopo kungani masipoko opita mbali ina ya habu, nkukhwefula pang'ono a mbali yomwe yapendamirayo. Kota ya kuzungulira basi, nkuzunguzanso kuona. Manipo adzimbiri muyambe mwawadonthezera oyilo, apo ayi muwabudula. Mukakunga kwambiri chotsani tayala muone ngati nsonga za masipoko sizinatulukire mkati, chifukwa zimabowola chubu. Limu yomwe inamenyedwa pamwala nkupindika chitsulo chenichenicho siwongoka ndi masipoko. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: habu poyamba, masipoko pambuyo. Simungawongole limu pa habu yogwedera, chifukwa choko chizilemba pena paliponse, muzingokunga zosafunika kukunga.

Zosamalira ndi zochepa. Musamize njinga mumtsinje potsuka, kaya ndi ku Mudi kaya ku Naperi, madzi amalowa muhabu nkuchotsa girizi, dzimbiri nkuyamba. Nyengo yamvula ikatha, cha mu Epulo, masulani mahabu mupake girizi watsopano, ndipo amene mumayenda m'misewu yafumbi ya kumtunda kwa Bangwe kapena Chilobwe muchitenso mvula isanayambe. Katundu mumange pakati pa kaliyala, motsika, asapendamire mbali imodzi, poti gudumu limapirira kulemera kochokera pamwamba kuposa kokankha cham'mbali. Mukamatsika chitunda ndi katundu, gwirani buleki liwiro lisanakule. Mukamagula njinga yakale, musanayambe kunenerera mtengo, gwedezani magudumu onse awiri pamaso pa wogulitsa. Mukamva kho kho, mtengo utsike kapena akonze kaye.

Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso. Mchemwali wanga ali Fomu 2 ndipo habu yakutsogolo amaimanga yekha, bwino kuposa ine, chifukwa zala zake zimamva msanga pomwe pathina. Mukapita kwa wokonza, musachite manyazi kunena kuti "ankolo, tayambani mwaona habu." Okonza ambiri ndi odziwa ntchito yawo, koma pamzere pakakhala njinga 5 amathamangira chomwe mwawauza. Mukanena kuti masipoko, akunga masipoko.

A Tcheya, ndimalize ndi pempho. M'thumba la kalabu titapatulako kangachepe tigule masipanala awiri a makoni, kiyi wa masipoko mmodzi ndi kachitini ka girizi, zizisungidwa ndi msungichuma, wofuna azisainira. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi njinga yake ndi kansalu, tikumane konkuno 9 koloko m'mawa mpira wa ku Kamuzu Stadium usanatisokoneze. Tiyambira ziwiri zija ndagwedeza. Eni ake sindikutchulani pagulu, koma tikatuluka aliyense agwire limu ya njinga yake aikankhe uku ndi uku, mudzizindikira nokha. Amene amve kugogoda, lero aikankhe pamanja popita kunyumba, makamaka ngati njira yake ili yotsetsereka.

Ngati pali mafunso ndilipo.